Matayala anayi amapusitsa makolo: ana ndi njinga za quad

Pamafamu ambiri a ku America, Australia, New Zealand, Britain ndi South Africa mumapezeka njinga yamoto ya matayala anayi onenepa, yomwe munthu amakwera mwendo uku mwendo uku n'kugwira mahandulo. Ku America amaitcha ATV, kwinako amati quad bike kapena kungoti quad. Alimi amayendera nayo ziweto, amakokera kangolo, amanyamulira mankhwala opopera mbewu, ndipo ena amaigula pongofuna kukasangalala nayo m'mapiri ndi pamilu ya mchenga. Kulikonse kumene ili ana amaisirira, ndipo makolo savuta kuwalola. Bambo yemwe sangayerekeze n'komwe kulola mwana wa zaka 10 kuyendetsa galimoto amamuona akuliza quad mtima uli m'malo, chifukwa maso amamuuza kuti chinthu cha matayala anayi, choima chokha popanda wochigwira, sichingagwe.

Chimagwa, ndipo kawirikawiri chimagwera amene wachikwerayo. Mabungwe a madokotala a ana, monga American Academy of Pediatrics ndi Canadian Paediatric Society, akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mwana wosakwana zaka 16 asayendetse quad. Bungwe la ku America lija linabwerezanso mawu ake mu 2022, n'kutsindika kuti ngakhale kukwezedwa kumbuyo ayi. Makampani opanga njingazi, pamodzi ndi mabanja ambiri a kumafamu, amati kumeneko n'kupyola muyezo. Iwo amati mwana apatsidwe njinga yolingana ndi msinkhu wake, aphunzitsidwe, avale helemeti, ndipo wamkulu akhale pafupi. Ine ndili kumbali ya madokotala, ngakhale sindiona anthu a mbali inayo ngati osasamala za ana awo. Chimene chimandiika kumbali imeneyi ndi kapangidwe ka njingayo.

Quad inapangidwa kuti izidutsa pamiyala, pazitsa ndi m'matope, choncho mimba yake ili kutali ndi nthaka. Injini, thanki ya mafuta ndi mpando zili pamwamba, ndipo wokwera amakhala pamwamba pa zonsezo. Koma poponda pake ndi pochepa: m'lifupi imangopitirira pang'ono mita imodzi, m'litali ndi yaifupi. Chinthu cholemera kumutu koma chopapatiza pansi sichichedwa kupendekeka. Tayala limodzi likakwera kachulu, kapena likagwera m'kangalande kobisika ndi udzu, kulemera konse kumakhuthukira mbali imodzi. Matayala akenso ndi a mtundu wina. Mpweya wa m'tayala la quad sufika ngakhale kotala ya wa m'tayala la galimoto, kuti likhale lofewa n'kumagwira bwino dothi. Kufewa komweko kumachititsa kuti tayala lipindike pokhota, komanso kuti njinga izidumphadumpha ikagunda pokwera.

Palinso nkhani ya difu. Pagalimoto pali chipangizo chomwe amakaniko amachitcha difu, chimene chimalola tayala lakunja kuzungulira mofulumira kuposa lamkati pokhota, popeza lakunja limayenda mtunda wautali. Ma quad ambiri alibe chipangizo chotere kumbuyo. Matayala awiri akumbuyo amazungulira pa liwiro limodzi nthawi zonse, ndiye njingayo mwachibadwa imafuna kupita kutsogolo basi. Kuti ikhote bwino, tayala lamkati liyenera kupepukidwa n'kutererako pang'ono padothi, ndipo amene amachititsa zimenezi ndi wokwera, ndi thupi lake. Amapendekera mkati mwa kona uku akuponda mwamphamvu popondera pakunja. Pokwera mtunda amasunthira kutsogolo, nthawi zina mpaka kuimirira n'kuweramira pamahandulo, kuti njinga isadzuke kutsogolo n'kumugwera chagada. Potsetsereka amabwerera kumbuyo kwenikweni kwa mpando. Podutsa chopingasa pamalo otsetsereka amapendekera kumtunda. Mabuku amene makampani amapereka pogulitsa njingazi amafotokoza zonsezi mosabisa. Thupi la wokwera ndi mbali ya makinawo, ndipo popanda kulemera kwake njingayo siikhazikika.

Apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka. Iwo amayang'ana luso la mwana: amadziwa kuliza injini, amadziwa buleki, amakhota bwino pabwalo, ndi mwana womvera. Zonsezi zikhoza kukhala zoona. Koma quad ya akuluakulu imalemera makilogalamu 200 mpaka 400, ndipo inapangidwa poganizira munthu wa makilogalamu 70 kapena 80. Munthu wotere akasuntha thupi, njinga imamva. Mwana wa zaka 10 amalemera makilogalamu a m'ma 30. Iyeyo akhoza kupendekera koyenera, pa nthawi yoyenera, monga momwe anamuphunzitsira, koma njingayo osamva kanthu. Palibe maphunziro amene angamuwonjezere makilogalamu 40. Kholo limayesa nzeru za mwana pamene chikusoweka ndi thupi.

Njinga yamoto ya matayala awiri ikagwa, kawirikawiri wokwera amagwera kwake, njinga kwake. Quad imagubuduzika, ndipo wokwera amakhala ali panjira yomwe ikugubuduzikira. Ilibe denga, ilibe lamba. Makilogalamu 300 ndi matumba 6 a chimanga, ndipo amenewo ndi amene amatsamira pachifuwa cha mwana. Ana ena amafa ndi kuphwanyika kwa mutu, khosi kapena ziwalo zam'kati. Koma pali imfa ina yowawitsa mtima imene madokotala ndi ofufuza za imfa ku Australia ndi New Zealand alemba kambirimbiri: munthu osathyoka fupa lalikulu lililonse, kungopsinjidwa basi. Chifuwa chikapanikizidwa sichingafutukuke, mpweya sulowa, ndipo m'mphindi zochepa munthu wapita. Zimenezi zimachitika ngakhale njinga ikuyenda pang'onopang'ono, pamalo amene banjalo limadutsa tsiku ndi tsiku. Munthu wamkulu nthawi zina amatha kudzikankhira kunja. Mwana sangathe, ndipo ngati anali yekha kuseri kwa munda, womupeza amafika mochedwa.

N'chifukwa chake helemeti, ngakhale ndi yofunika kwambiri, siithetsa nkhaniyi. Imachepetsa ndithu kuvulala kwa mutu, ndipo palibe amene ayenera kukwera quad mutu uli pamtunda. Koma chifuwa ilibe nacho ntchito.

Mpando wa quad ndi wautali, ndipo kwa ife ozolowera kabaza, mpando wautali umatanthauza malo a anthu awiri kapena atatu. Sichoncho ayi. Utaliwo ndi woti woyendetsa azisunthirapo kutsogolo ndi kumbuyo. Mukakweza wina, mwatseka malo osunthirawo, mwawonjezera kulemera pamwamba ndi kumbuyo, ndipo njinga imadzuka mosavuta pokwera mtunda. Ana aang'ono kwambiri amene amafa pa quad, a zaka zitatu kapena zinayi, ambiri amakhala atakwezedwa ndi munthu wowakonda, bambo, agogo kapena mchimwene wawo, atawakhazika kutsogolo pakati pa miyendo kapena kumbuyo ponyamulira katundu. Wokhala kutsogoloyo ali ndi ngozi inanso. Quad siiwonjezeredwa moto popotokola handulo ngati njinga yamoto wamba. Ili ndi kachitsulo kokankha ndi chala chachikulu, ndipo kamwana kakagwira pamenepo pofuna pogwirira, njinga imalumpha. Zambiri za masiku ano zilibe kalachi ndipo magiya amasintha okha, moti mwana wa zaka 5 akhoza kuiyendetsa ngakhale dzanja lake silikwana kufinya buleki.

Msewu wa phula nawo umanyenga. Munthu angaganize kuti pamalo osalala mpamene pali pabwino kuphunzitsira mwana. Koma paphula tayala lamkati lija silingaterere, limagwira mwamphamvu, ndipo m'malo mokhota njinga imatembenuzika. Liwiro limakweranso, popeza ma quad akuluakulu ena amapitirira makilomita 100 pa ola. Ku America, imfa zoposa theka za pa quad zimachitikira m'misewu, osati m'tchire momwe njingazi zinapangidwira.

Mkanganowu ndi wakale. Mu 1970 kampani ya Honda inayamba kugulitsa ku America kanjinga ka matayala atatu kotchedwa US90, komwe pambuyo pake kanadziwika kuti ATC90. Kanali ka masewera, ndipo kanathandiza ogulitsa njinga zamoto kupeza malonda m'nyengo yozizira. Alimi anakakonda, makampani ena anatsatira, ndipo mu 1982 Suzuki inatulutsa ya matayala anayi. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1980 zipatala zinali zitayamba kulandira ovulala ochuluka, ambiri mwa iwo ana. Boma la America linatengera makampaniwo kukhoti mu 1987, ndipo mu 1988 Honda, Yamaha, Suzuki, Kawasaki ndi Polaris anasaina pangano la zaka 10. Anavomera kusiya kugulitsa za matayala atatu, kumata machenjezo panjinga, kupereka maphunziro kwa ogula, komanso kusagulitsira ana osakwana zaka 16 njinga za injini yoposa 90cc (cc ndi muyezo wa kukula kwa injini).

Panganolo litatha mu 1998, zinatsala ndi malonjezo odzifunira a makampani. Malonda anakwera kwambiri, injini zinakula mpaka kufika 700cc ndi kupitirira, ndipo kunabwera njinga zotsika mtengo za makampani atsopano, ambiri a ku China, amene sanali nawo m'malonjezo aja. Chapakati pa zaka za m'ma 2000 anthu oposa 700 ankafa chaka chilichonse. Mu 2008 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza wogulitsa aliyense kutsata muyezo umodzi. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, linawerengera imfa zoposa 15,000 kuyambira 1982 kufika 2018, ndipo zoposa 3,000 zinali za ana osakwana zaka 16. Ndiye kuti mwa anthu asanu aliwonse akufawo, mmodzi anali mwana. Kuchotsa tayala limodzi lakutsogolo n'kuikapo awiri kunachepetsa vuto lina, koma sikunathetse kugubuduzika.

Mwa ana amene amafawo, oposa 9 mwa 10 aliwonse amakhala ali panjinga ya akuluakulu. Mbali zonse ziwiri za mkangano zimagwiritsa ntchito mfundo imeneyi, ndipo ndi pamene a makampani ali ndi mphamvu. Iwo amati: mwaona, vuto si ana kukwera, vuto ndi kukwera njinga yolakwika. Muyezo wa ku America umagawa njinga za ana potengera zaka ndi liwiro. Ya mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo siyenera kupitirira makilomita 24 pa ola, ndipo imagulitsidwa itatsekeredwa pa 16. Ya mwana wa zaka 10 kapena 12 imafika makilomita 48 pa ola. Pali ina ya achinyamata a zaka 14, yomwe imafika 61. Kholo ndi limene limamasula chotsekera liwirocho likaona kuti mwana wazolowera.

A mbali imeneyi amanenanso kuti mwana wa pafamu adzakwera basi, lamulo lilipo kapena palibe, ndipo mukamumana njinga yaing'ono adzakwera ya bambo ake. Mawu amenewa anamveka kwambiri mu 2009. Lamulo la 2008 lija linaletsanso mtovu m'katundu wa ana a zaka 12 kutsika pansi, ndipo popeza zitsulo zina za njinga zili ndi mtovu pang'ono, ogulitsa anakakamizika kuchotsa pamsika ma quad ndi njinga zamoto za ana. Makolo ndi makampani anadandaula kuti ana akukankhidwira kunjinga zazikulu, ndipo mu 2011 nyumba ya malamulo inachotsa njingazi pa chiletsocho. Sindikuona kuti dandaulo lawo linali lopanda pake. Pafamu ya mahekitala mazana, mwana wa zaka 13 amene amathandiza kusonkhanitsa nkhosa ali pantchito ya banja, ndipo makolo ake akudziwa kuti ntchito imaumba mwana. Ifenso timadziwa zimenezo, mwana wakwathu amayamba kugwira khasu ndi kupita kubusa asanamalize pulayimale.

Komabe mfundo yawo ili ndi mabowo. Quad ya ana si yopepuka monga dzina likumvekera. Ya 90cc imalemera makilogalamu opitirira 100, kutanthauza kuti imaposa mwana katatu kapena kanayi, ndipo kapangidwe kake ndi komweko: yolemera kumutu, yopapatiza pansi, yopanda denga. Ana afapo panjinga zoterezi. Chotsekera liwiro nthawi zambiri ndi kabawuti komwe mwana wochenjera amamasula yekha. Mwana amakulanso msanga, ndipo banja lomwe lagula njinga chaka chino silifuna kugulanso ina pakatha zaka ziwiri, ndiye limagula yokulirapo kuti mwana "adzakuliremo". Banja la ndalama zochepa limagula imodzi yokha, ya ntchito, ndipo imeneyo ndi imene aliyense amakwera. Dongosolo la njinga yolingana ndi msinkhu lakhala likulalikidwa kuyambira 1988, koma ana ambiri akupezekabe panjinga zazikulu. Malangizo amene anthu alephera kuwatsata kwa zaka zoposa 30 sitingapitirize kuwadalira ngati kuti mawa adzawatsata.

Za kuyang'anira, ndiyenera kunena mosapsatira. Kholo loima chapatali likuonerera silingaletse njinga kugubuduzika. Zimachitika m'kuphethira kwa diso. Kukhalapo kwa munthu wamkulu kumathandiza pa zinthu ziwiri: mwana sachita masewera oopsa akudziwa kuti akuonedwa, ndipo njinga ikamugwera pali woichotsa msanga, ngati angaikwanitse yekha. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma si chitetezo chimene makolo amaganiza kuti akupereka akamati "ndinali pompo".

Thupi likakwana, pamatsalabe mutu. Mwana wamng'ono amavutika kuyerekeza liwiro ndi mtunda wa chinthu chomwe chikubwera, ndipo sazolowera kuyang'ana kutsogolo uku akuzindikira zomwe zili m'mbali. Waya wa mpanda, nthambi yotsika, dzenje la m'udzu, zonsezi zimafuna kuti munthu azione zikadali patali n'kusankha chochita nthawi yomweyo. Mnyamata wa zaka 14 akhoza kukhala wamtali kuposa bambo ake, koma mbali ya ubongo yomwe imathandiza munthu kudziletsa imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20. Ali yekha amayendetsa mwaulemu. Anzake akabwera, amafuna kuonetsa. Chiwerengero cha zaka 16 si chamatsenga, ndipo pali ana a zaka 15 okhwima kuposa ena a zaka 18. Madokotala anachisankha chifukwa ndi msinkhu umene madera ambiri a ku America amayamba kulola munthu kuyendetsa galimoto, ndipo iwo amaona kuti quad imafuna luso losachepera la galimoto.

Kodi lamulo limasintha kanthu, kapena ndi mapepala chabe? Umboni womveka bwino unachokera ku Massachusetts, limodzi mwa madera a ku America. Mu 2006 mwana wa zaka 8 anafa atagweredwa ndi quad ya akuluakulu ali kocheza kwa mnzake. Makolo ake pamodzi ndi madokotala anamenyera lamulo lomwe linakhazikitsidwa mu 2010, lodziwika kuti Sean's Law potengera dzina la mwanayo. Linaletsa ana osakwana zaka 14 kuyendetsa quad, kupatula pa mipikisano yovomerezeka yoyang'aniridwa, ndipo a zaka 14 mpaka 16 linawalola njinga zosapitirira 90cc, wamkulu ali pomwepo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya madokotala ya Pediatrics anapeza kuti ana a zaka 10 mpaka 13 ofika kuchipatala atavulala panjinga zotere anachepa ndi theka, ndipo a misinkhu inayo anachepanso kwambiri, pamene kwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 34, omwe lamulolo silinawakhudze, sikunasinthe kwenikweni. Apolisi sangalondere munda uliwonse, zimenezo n'zoona. Koma lamulo limasintha zomwe anthu amaona kuti n'zabwinobwino, ndipo limapatsa mayi poyambira pokana mwana wake akamuumiriza kuti anzake onse amakwera.

Maiko ena anatenga njira zosiyana. Ku Britain malamulo a 1998 amaletsa mwana wosakwana zaka 13 kuyendetsa kapena kukwera makina oyenda okha pantchito za ulimi, ndipo quad ili m'gulu lomwelo. Ku Ireland, kuyambira November 2023, wogwiritsa ntchito quad pantchito ayenera kuphunzitsidwa ndi kuvala helemeti. Australia, komwe quad yakhala pakati pa zinthu zopha anthu kwambiri pamafamu, inalimbana ndi makinawo mwachindunji. Kuyambira October 2021 quad yatsopano iliyonse ya ntchito iyenera kupambana mayeso a kupendekeka, komanso kukhala ndi chitsulo choimirira kumbuyo kwa mpando, choti njinga ikatembenuzika pansi pake patsale mpata woti munthu apume kapena akwawire kunja. Makampani akuluakulu anakana, ponena kuti chitsulocho chikhoza kuvulazanso anthu, ndipo Honda, Yamaha ndi Polaris anasankha kusiya kugulitsa ma quad a ntchito m'dzikomo. Boma silinabwerere m'mbuyo. Chondidandaulitsa n'chakuti lamulo la chitsuloli silinakhudze njinga za ana, ngakhale kuti mwana ndi amene sangathe kudzichotsa pansi pa njinga.

Pali zokwera zina ziwiri zomwe zimalowa m'nkhaniyi. Njinga zamoto za m'tchire za matayala awiri zimavulaza ana ambiri, manja ndi miyendo kuthyoka, mitu kugunda, ndipo sindingazitche zabwino. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi zopepuka, ndipo mwana amene sanakonzeke amagwa nayo asanapite patali, pomwe quad imamulola kuthamanga tsiku loyamba lomwe. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America atayerekeza mu 2010 anthu ofika kuchipatala kuchokera ku ngozi za mitundu iwiriyi, anapeza kuti a pa quad ndi amene ankafa kwambiri. Chinacho ndi kagalimoto ka m'tchire kotchedwa side-by-side, kokhala ndi chiwongolero, mipando, malamba ndi zitsulo zotchinga pamwamba. Alimi ambiri a ku Australia asamukira ku kameneka, ndipo n'kabwinopo ngati aliyense wamanga lamba. Wosamanga lamba amaponyedwa kunja, ndipo zitsulo zomwe zikanamuteteza ndi zimene zimamupsinja. Opanga timagalimoto ta akuluakuluti amati woyendetsa akhale wa zaka 16 ndi laisensi, ndipo wokwera akhale woti msana ukatsamira kumpando mapazi akufika pansi, dzanja likufika pogwirira. Mwana wolendewera miyendo sanakwane.

Maganizo anga ndi awa. Mwana wosakwana zaka 16 asakwere quad ya akuluakulu, kaya ngati woyendetsa kaya wokwezedwa, kaya ndi ulendo wochoka pakhomo kukafika pageti. Pamenepa madokotala, maboma ndi makampani omwe amagwirizana, ndipo palibe chifukwa cha pafamu chimene chingapose moyo wa mwana. Pa njinga za ana ndingakonde lamulo longa la ku Massachusetts, loletsa osakwana zaka 14. Banja likasankha kulola mwana wokulirapo, lichite likudziwa kuti langochepetsa ngozi, silinaichotse: njinga ya msinkhu wake, chotsekera liwiro chili m'malo, helemeti yomanga bwino, malo athyathyathya odziwika, masana, kutali ndi msewu, popanda wokwezedwa, ndi munthu wamkulu wokhala ndi mphamvu zonyamula njingayo.

Ana odzacheza amafuna chisamaliro chapadera, ndipo nkhani ya ku Massachusetts ija ikutikumbutsa zimenezo. Mwana wa m'tauni wobwera kutchuthi sadziwa pomwe pali ngalande, sanakwerepo, ndipo amachita manyazi kunena kuti akuopa. Makolo ake mwina sakudziwa n'komwe kuti pakhomopo pali quad. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene walandira mlendo wamng'ono alibe ufulu womusankhira ngozi yomwe makolo ake sanafunsidwe.

Kwathu ma quad si ambiri, koma abale athu amakumana nawo. Amalawi ambiri akugwira ntchito m'mafamu ndi m'mapuloti a ku South Africa, komwe quad ndi chida cha tsiku ndi tsiku choyendera mipanda ndi madamu. Mabanja opita kokasangalala amawapeza ku Livingstone ku Zambia, ku Swakopmund ku Namibia ndi pamilu ya mchenga ya Atlantis kufupi ndi Cape Town, komwe amabwereketsa kwa alendo. Pamalo oterewa, kuti eni ake alola ana sizitanthauza kuti njingayo ndi ya ana. Kholo lifunse kukula kwa injini, lione ngati mwana ataimirira popondera pakutsala mpata pakati pa iye ndi mpando, ngati zala zake zikufinya buleki dzanja lisanachoke pahandulo, ndiponso ngati helemeti ikumukwana osagwedera. Akanena kuti mwana akhale kumbuyo kwa bambo ake panjinga ya munthu mmodzi, yankho ndi ayi.

Wovutika kwambiri ndi wantchito wa pafamu amene mwana wa abwana akumukakamira kuti amukweze, kapena abwana eniake amutuma kuti akatenge ana kugeti pa quad. Kukana kumavuta ukakhala mlendo m'dziko la eni ndipo ntchitoyo ndi imene ikudyetsa abale kumudzi. Koma ngozi ikachitika, amene anali pamahandulo ndi amene amayamba kufunsidwa. Wantchitoyo sayenera kutsutsana ndi abwana ndi nzeru zake zokha. Ma quad a akuluakulu opangidwa ndi makampani odziwika amabwera ndi machenjezo omatidwa pathupi la njinga, chizolowezi chomwe chinakhazikika ndi pangano la 1988 lija: chimodzi chimaonetsa kuti wosakwana zaka 16 asayendetse, china chimaletsa kukweza munthu. Akhoza kuloza pamenepo n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, eni ake njingayi analemba apa kuti tisakweze munthu. Ndiloleni ndikawatenge anawo pa bakkie, kapena ndiyende nawo wapansi."